Mbewa zikufukula mbewu, makoswe akuboola matumba: kodi ndithire tameki?

Funso: Ndine mlimi wa kwa Mkanda ku Mchinji. Ndimalima maekala awiri a chimanga ndi ekala imodzi ya mtedza wa CG7. Chaka chatha mbewa zidandifukulira mbewu m'mapando mpaka ndidapakiza kawiri. Kunyumba nako makoswe aboola matumba, ngakhale a PICS omwe, aja osalowa mpweya. Anzanga akuti ndigule tameki pamsika, ndisakanize ndi gaga, nkhani ithe. Koma ana anga ndi a anansi amakumba mbewa m'munda momwemo n'kumadya. Ndichite bwanji dzinja lisanafike?

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa musanagule. Tamekiyo musiyeni pamsika pomwepo, ndipo chifukwa chake ndifikapo. Poyamba dziwani kuti adani anu ndi awiri, ndipo sagwidwa mofanana. Wakumunda kawirikawiri ndi kapuku, kambewa kotuwa kamene akatswiri amakatcha Mastomys natalensis, ndipo amathandizana ndi phanya komanso chitute, uja wonyamula njere m'masaya. Wakunyumba ndi khoswe, wodziwa kukwera, wogona kudenga ndiponso wochenjera kuposa mbewa zonsezi.

Tiyambe ndi kapuku, chifukwa mukamvetsa kaswanidwe kake mudziwa nthawi yomumenyera. Wamkazi amakhala ndi bere masiku 23 okha, ndipo amaswa ana 10 kapena 12 nthawi imodzi, mwinanso kuposa apo. Mawere ake amafika 24. Akangoswa amatha kutenganso bere, ndipo anawo pakatha miyezi iwiri kapena itatu nawonso ayamba kuswa. Kuswanaku kumayamba dzinja likakhazikika, udzu ndi mbewu zikamabala njere, n'kupitirira mpaka masika. Chaka chimene mvula yachedwa kusiya, nyengo yoswanayi imatalikanso. Ndiye kuti mbewa zimene zidakufukulirani chimanga mu Disembala zidabadwa miyezi yam'mbuyo, ndipo chilimwe chonse zidadya zotsalira za m'munda mwanu momwemo: mtedza wosakunkha, zitsononkho zogwera pamalo a mikukwe, njere za udzu wa m'malire.

Nthawi yabwino yozichepetsa ndi Okutobala ndi Novembala. Apa tchire lauma, chakudya chasowa, zili ndi njala ndipo zambiri sizikuswa. Mbewa imene mwapha mu Novembala palibe yolowa m'malo mwake msanga, pamene yophedwa mu Malichi imasiya khumi m'funkha. Alimi ambiri amadzidzimuka mbewu itafukulidwa kale, ndipo m'phuma limenelo ndi mmene amathamangira mankhwala.

Musanatche msampha uliwonse, yendani m'munda m'mawa dzuwa lisanakwere. Mauna amene muli mbewa amaoneka ndi dothi latsopano pakhomo, timapazi, ndi makoko a mtedza otetedwa kumene. Una wakale umakhala ndi ndodo za kangaude kapena zinyalala pakamwa pake. Onaninso mipita, tinjira tosalala tochoka pachulu, pachitsa kapena m'udzu wa m'malire kulowa m'mizere. Madzulo tsekani mauna onse ndi chidendene. Amene mukawapeze atatsekuka mawa lake ndiwo ali ndi eni ake, ndipo misampha yanu iyambire pamenepo. Tchetchani udzu wa m'malire mamita awiri kapena atatu, mumwaze milu ya mapesi ndi masangwi a mtedza imene yakhala pamodzi kuyambira pokolola. Moto ayi. Kutentha tchire pofuna mbewa kumapha zochepa, chifukwa zambiri zimangotsikira pansi, koma munda umatsala wambee, chonde chitapita ndi utsi. Ngati mumaphimbira nthaka ndi mapesi monga mwa ulimi wa mtayakhasu, ndinene mosabisa kuti mbewa zimabisala m'menemo. Musasiye kuphimbirako, koma yalani mapesi mopyapyala, osati milumilu, ndipo muchulukitse misampha.

Msampha umene umagwira zambiri usiku umodzi pamtengo wotsika ndi wa ndowa. Tengani ndowa ya malita 20, kapena chigubu chodulidwa pamwamba, chosalala m'kati. Ikwirireni mpaka mlomo wake ulingane ndi nthaka, mutsendere dothi m'mbali kuti pasakhale mpata. Thirani madzi ofika masentimita 15 mpaka 20. Akachepa mbewa imaponda pansi n'kudumpha. Akachuluka imafikira pamlomo n'kutuluka. Pingasani waya wolimba pakamwa pa ndowayo, mutatunga pakati pake kabotolo kapulasitiki kapena kachitini koboola uku ndi uku, kuti kazizungulira mosavuta mukakakhudza ndi chala. Pakani chiponde kapena nsinjiro zokazinga zonyowetsa pang'ono kuzungulira pakati pa kabotoloko, ndipo muwaze gaga pang'ono kuchokera pampita kufika pamlomo wa ndowa. Mbewa imayenda pawaya, ikaponda kabotolo kamagubuduka, iyo n'kugwera m'madzi, ndipo msamphawo wadzitcha wokha kudikira ina.

Zolakwika zake ndi zodziwika. Waya ukapindika kapena mabowo a kabotolo akathina, kabotolo sikazungulira, ndipo mbewa zimanyambita chiponde chonse n'kupita. Nyambo ikapakidwa kufupi ndi mlomo wa ndowa zimaidya zili pamtunda. Madzi akakhala masiku atatu osasintha amanunkha. Zinyalala zikagwera m'kati zimasanduka bwato la mbewa. Pa ekala imodzi ikani ndowa zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi, zambiri m'malire ndi pafupi ndi zulu, ndipo muzisuntha pakatha masiku anayi kapena asanu ngati zasiya kugwira. Chinthu chimodzi musachiiwale ngakhale tsiku limodzi: m'mawa mukachotsa mbewa, vundikirani ndowayo ndi lata kapena thabwa, mutsendereze ndi mwala. Mwana wokwawa kapena wongoyamba kuyenda akagwera chamutu m'ndowa, madzi ochepa omwewo ndi okwanira kumupha.

Diwa la makolo musalinyoze, silifuna ndalama. Mwala wophwatalala wolemera makilogalamu atatu kapena kuposa, kamtengo kouchirikiza, ndi kachingwe kotungidwa njere ya chimanga kapena mtedza, kotero kuti mbewa ikamatafuna njereyo idule kachingwe mwala n'kugwa. Chinsinsi chake chili pansi: pamene mwalawo ukagwere pakhale polimba ndi posalala. Padothi lofewa la mumzere mbewa imangokanikizidwa m'fumbi n'kudzikumbira njira. Ikani kamwala kena kophwatalala pansi kapena tsenderani dothilo mpaka lilimbe. Anyamata awiri akhoza kutcha maliwa makumi atatu madzulo amodzi, ndipo mbewa zake ndi ndiwo zabwinobwino.

Misampha yachitsulo yogula m'sitolo imagwira bwino ikachuluka. Ekala ndi malo a mamita 64 mbali zonse, kotero mukatcha pa mamita khumi aliwonse mufunika misampha yoposa makumi anayi. Ochepa angakwanitse yonseyo okha. Ngati muli nayo khumi, musaimwaze munda wonse. Iunjikeni mbali imodzi, mapazi khumi kutalikirana, usiku utatu, kenako musunthire patsogolo. Itcheni mopingasa mpita, mbali ya nyambo ili panjira penipeni. Nyambo yake ndi mtedza wokazinga kapena kachidutswa ka usipa, ndipo muimange ndi ulusi, chifukwa yongoika pamwamba imabedwa msampha osafwamphuka. Mangirirani msampha uliwonse pachikhomo ndi waya, apo ayi galu kapena nyenga ithawa nawo pamodzi ndi mbewayo. Tcherani dzuwa likamalowa, pakuti mukatcha masana nyerere zimatha nyambo ndipo nkhuku zimathyoka zala. Sipuling'i ikayamba dzimbiri idonthezereni mafuta ophikira, osati oyilo wa njinga yamoto amene fungo lake limathamangitsa mbewa.

Zonsezi mukachita nokha mudzatopa pachabe. Mbewa sizidziwa malire a munda. Mukapha zanu, za kwa mnansi zimasamukira m'mauna opanda eni pasanathe sabata ziwiri. Pajatu mbewa zikachuluka siziika masa, ndipo ifenso timatero: aliyense amayembekeza kuti mnzake ndiye ayambe. Kambani ndi amfumu ndi a kalabu yanu kuti minda yoyandikana itche sabata zofanana, ziwiri kapena zitatu mvula yobzalira isanagwe. Muuzeninso mlangizi wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA) ya Mkanda, makamaka mukaona kuti mbewa zachuluka modabwitsa, chifukwa malipoti otere ndiwo amafika ku ofesi ya zaulimi ya boma ndi ku Kasungu ADD, ofesi ya zaulimi yoyang'anira maboma angapo, kumene Mchinji imagwera.

Pobzala, masiku oopsa ndi kuyambira tsiku lobzala mpaka sabata ziwiri kapena zitatu chimanga chitamera. Mbewa imanunkhiza njere ikafufuma, imatsata mzere phando ndi phando, ndipo ngakhale mmera utatuluka imakumbabe kufuna njere ili kunsi. Pa kabzalidwe ka Sasakawa, njere imodzi paphando pa masentimita 25, njere iliyonse yodyedwa ndi mpata m'mzere. Bzalani ndi mvula yokwanira kuti mbewu imere msanga, pamasiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Yobzala pouma imakhala nthawi yaitali m'nthaka ikudikira wakuba. Kwirirani masentimita asanu ndipo mupondepo, musasiye njere zogwa poyera. Bzalani nthawi imodzi ndi anansi, chifukwa munda wotsogola wokha kapena wotsalira wokha ndiwo umalandira mbewa za dera lonse. Misampha isachoke m'munda masiku amenewa. Ndipo mankhwala ofiira kapena obiriwira opakidwa pambewu yogula aja ndi oteteza ku nkhungu ndi tizilombo, musawadalire kuti aletsa mbewa. Mtedza wanu udzafunanso maso pamene ukukhwima ndiponso mukauzula n'kuuyanika m'munda.

Tibwere kunyumba. Khoswe mmodzi amadya pafupifupi magalamu 15 patsiku. Makoswe makumi awiri pa miyezi isanu ndi umodzi amaliza makilogalamu 54, thumba lathunthu ndi kapamwamba, osawerengera chimene aipitsa ndi mikodzo ndi zitosi. Pathumba la PICS vuto limakula, chifukwa mphamvu yake ili pa kusalowa mpweya. Kabowo kamodzi pa mapulasitiki awiri am'kati aja, anankafumbwe apeza mpweya n'kuyambiranso. Thumba lomangidwa bwino, losadetsedwa kunja, silikopa khoswe kwambiri chifukwa fungo silituluka. Chimene chimamuitana ndi njere zotayikira pansi, ufa womatirira kunja kwa thumba, ndi matumba wamba oyandikana nalo. Sanjani matumba pathandala lokwera, kutali ndi khoma mwina theka la mita kuti muzitha kuzungulira ndi tsache, ndipo asafike pafupi ndi denga, pakuti khoswe amatsikira kuchokera kumitanda. Bowo limene chala chanu chachikulu chingalowe, khoswe wamng'ono alowa. Limene pensulo ingalowe, kambewa kakang'ono kalowa. Matani mabowo ndi simenti kapena dothi losakaniza ndi magalasi osweka, khomani lata kunsi kwa chitseko, ndipo mudule nthambi zogunda denga. Ngati muli ndi nkhokwe yapanja, miyendo yake italike kupitirira mita imodzi, ndipo mwendo uliwonse uvekedwe lata lopindidwa ngati chipewa chozondotsa, lotuluka masentimita 20 kapena kuposa kuzungulira. Makwerero, njinga kapena mtolo wa nkhuni wotsamira nkhokwe umafafaniza ntchito yonseyo usiku umodzi.

Khoswe amaopa chinthu chachilendo. Mukatcha lero n'kupeza msampha uli chomwecho mawa, musati ndi wachabe. Ikani misampha isanu kapena isanu ndi umodzi m'mbali mwa khoma, kuseri kwa matumba ndi pamitanda pamene pali mzere wakuda wa mafuta a ubweya wake, muimangirire, muikepo nyambo koma osatcha kwa masiku atatu. Akazolowera kudya, tcherani yonse usiku umodzi. Usiku woyambawo ndiwo umagwira ambiri. Pitirizani tsiku ndi tsiku, ndipo mukasiya kugwira musinthe malo ndi nyambo. Mphaka amathandiza kuopseza, koma khoswe wamkulu wa kudenga samutha yekha.

Tsopano za tameki. Dzina lake lenileni ndi Temik, ndipo poizoni wake ndi aldicarb. Sadapangidwire makoswe, adapangidwira tizilombo ta m'nthaka ndi ta mbewu, ndipo ndi mmodzi mwa mankhwala aulimi oopsa kwambiri kwa munthu. Timibulu tochepa ndi tokwanira kupha mwana. Amalowa ngakhale pakhungu, ndipo amayamba kugwira pasanathe ola: malovu ndi thukuta kuchucha, kusanza, kutsegula m'mimba, timaso kuchepa, minofu kunjenjemera, kenako kubanika. Amene amagulitsidwa m'timapepala tomangamanga pamsika alibe chizindikiro, kotero simudziwa ngakhale chimene chili m'katimo, ndipo lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000, limene limayendetsedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, limafuna kuti mankhwala otere akhale olembetsedwa ndi okhala ndi chizindikiro. Kwa inu nkhani ndi ya pambale. Mbewa yodya tameki imafera pampita kapena pakhomo pa una, mwana amaitola poyesa mwayi, ndipo gaga wa poizoniyo akadali m'mimba mwake. Musadalire kuti kuwiritsa ndi mchere kapena kuwamba pamoto kuchotsa poizoni. Ena amaziika pampani n'kukagulitsa kumsewu kwa apaulendo osadziwa kanthu. Nkhuku, nkhanga, agalu ndi amphaka amatsatira njira yomweyo.

Komanso tameki sathetsa vutolo. Poizoni wopha msanga amapha zoyamba kudya. Zimene zalawa pang'ono n'kudwala zimapulumuka ndipo sizidzakhudzanso nyamboyo. Mumaona mitembo khumi m'mawa n'kuyesa mwapambana, pamene zotsala zaphunzira. Zinc phosphide, poizoni wina wopha mbewa msanga, nayenso ali ndi vuto lomweli, n'chifukwa chake amafunika kuthiridwa ndi anthu ophunzitsidwa, atayamba azoloweza mbewa nyambo yopanda mankhwala. Mapiritsi otulutsa mpweya oika m'chimanga aja, a aluminium phosphide, musawaponye m'mauna a pakhomo kapena m'chipinda cha nyumba yogonamo anthu. Mpweya wake umadutsa m'ming'alu ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Ngati misampha ndi kutseka mabowo zalephera m'nyumba yosungiramo mbewu, mankhwala amene mungaganizire ndi aja oletsa magazi kuundana, monga a coumatetralyl, bromadiolone kapena brodifacoum, ogula kwa wogulitsa wovomerezeka, ali m'paketi yake yolembedwa. Amapha pakatha masiku atatu mpaka asanu ndi awiri, kotero khoswe sazindikira chimene chamudwalitsa. Musawamwaze poyera. Dulani nsungwi kapena paipi yotalika masentimita 30, yotakata moti khoswe alowe koma nkhuku isafikire, mutunge chibulu cha mankhwalacho pawaya pakati pake, muikhomerere m'mbali mwa khoma. Valani pulasitiki m'manja, musambe ndi sopo mukatha. Mitembo itoleni m'mawa uliwonse, muikwirire dzenje lakuya theka la mita kapena muiponye m'chimbudzi. M'munda umene ana amakumbamo mbewa, ngakhale mankhwala awa sindikukulangizani, chifukwa ena mwa iwo amakhala m'chiwindi cha mbewa kwa miyezi. Ngati mudzi wonse wagwirizana ndi alangizi kuthira, amfumu alengeze poyera, ndipo kukumba ndi kugulitsa mbewa kuimitsidwe nyengo imeneyo.

Wina akameza mankhwala aliwonse mwa awa, musataye nthawi ndi mkaka, mafuta kapena kumusanzitsa. Mvuleni zovala zimene zakhudzidwa, mumugoneke chammbali, muthamangire naye kuchipatala chapafupi mutanyamula paketi kapena kapepala kamene munali mankhwalawo. Madokotala amafuna kudziwa mtundu wake, chifukwa wa tameki amathandizidwa ndi atropine pamene wa oletsa magazi kuundana amafuna vitamini K1. Mwana wodya a mtundu wachiwiriwu amatha kusewera bwinobwino tsiku loyamba ndi lachiwiri, magazi n'kudzayamba kutuluka m'mphuno ndi m'nkhama pambuyo pake, ndiye musadikire zizindikiro.

Pali mlenje wina amene timamuthamangitsa ndi miyala: kadzidzi. Ndikudziwa zimene timanena akalira padenga usiku. Koma pitani pansi pa mtengo umene amagona, mutole timibulu totuwa timene amalavula, mutiphwanye ndi kamtengo. Mupezamo ubweya, tizigaza ndi timano ta mbewa. Banja la akadzidzi lolera ana limagwira mbewa zingapo usiku uliwonse, osakulipiritsani. Zikani mitengo iwiri kapena itatu yotalika mamita atatu pakati pa munda, yokhala ndi kamtanda pamwamba, kuti iye usiku ndi akabawi masana azipeza potera poyang'ana mizere. Ndipo kumbukirani kuti mbewa yodya poizoni, yoyenda mwapendapenda, ndiyo yoyamba kugwidwa ndi mbalamezi.

Za ana okumba mbewa, asiyeni azikumba m'munda wopanda mankhwala, koma awuzeni akwirire maenje awo ndipo asagumule akalozera ndi mizere yotchinga madzi, chifukwa madzi a mvula yoyamba amayambira pomwepo kukumba chigwembe. Awuzeninso kuti mbewa yopezeka itafa yokha sadya ndipo satola ndi manja. Nthata zimachoka pa mtembo ukazizira n'kufuna magazi ena, ndipo ndizo zimafalitsa mliri wa makoswe, umene udabukapo ku Nsanje mu 2002. Mukaona makoswe kapena mbewa zikufa zambiri popanda amene wathira mankhwala, zinyamuleni ndi fosholo, muzikwirire, ndipo tsiku lomwelo mukauze mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.